Marini Anatsala Kugombe, Arinoti Anafika Kukomboni

Kuchokera m'mafamu a fodya a ku Mashonaland ku Zimbabwe, cha ku Banket, Trelawney ndi Mvurwi, nyanja yamchere ili kutalitali. Koma beni amene ana ndi adzukulu a matchona amavina m'makomboni anabadwira kugombe, m'matauni a Aswahili, cha m'ma 1890, ndipo limodzi mwa magulu ake akuluakulu linkatchedwa Marini. Dzinali ndi marine wa azungu, liwu lomwe muzu wake ndi mare, nyanja m'Chilatini. Limanena chilichonse cha m'nyanja, komanso msilikali wokwera sitima ya nkhondo amene amakamenyeranso pamtunda. Ovina anakopeka ndi tanthauzo lachiwirili: mwamuna wotchena yunifolomu, woguba mwa lamulo.

Marini ankalimbana ndi Arinoti. Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lonena za beni, akuonetsa kuti Marini linali gulu la odziyesa apamwamba, pomwe Arinoti linali la anthu wamba ndi obwera. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali anabwera naye guleyu ku Nyasaland, Ayao n'kumukumbatira, kenaka anatsika ndi opita ku Rhodesia kukasaka ntchito. Ku Zimbabwe lero dzina lomveka ndi Beni Arinoti. Ine sindidabwa. Munthu wochezera kusonkhezera moto pachigafa cha mzungu akanadzitcha bwanji Marini?

Luso la beni lagona pa thupi logawika pawiri. Wezulo akalira, mzere umaima chilili. Kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba mukuona msilikali: chifuwa patsogolo, mamendulo mbwee, sawasha wouma gwa, nkhope ngati wakwiya. Kumunsi ndi nkhani ina. Mapazi ndi mawondo samvera kaputeni, amamvera ng'oma yaikulu, ndipo amachedwa kapena kufulumira dala pang'ono, mokwanira kuti perete asanduke gule. Katswiri salola mbali ziwirizi kusakanikirana. Akangomwetulira waononga, chifukwa kuseka ndi gawo la oonerera. Akaumitsanso miyendo, watsala ndi kuguba chabe, kumene apolisi amakuchita bwino kuposa iye. Ena amati beni n'kutsanzira atsamunda basi. Amenewo amaonera malaya, sayang'ana pansi.

Chimene chikusowa masiku ano ndi mdani. Beni anapangidwira magulu awiri otonzana, ndipo nyimbo zake zimathwa pakakhala wozilandira tsidya lina la bwalo. Chiyambire kulandidwa kwa mafamu mu 2000, antchito ambiri anabalalika, makomboni ena n'kutha. Pamipikisano ngati Chibuku Neshamwari guleyu wapezako malo, ndipo n'zoyamikika, koma pamenepo amapikisana ndi mbende kapena muchongoyo pamaso pa oweruza. Mzere umawongoka bwino, wezulo amalira pa nthawi yake, koma chipongwe cha m'nyimbo chimapita kwa anthu amene sangachibwezere, ambiri osamva n'komwe Chiyao.