Kuunika Luso la Esther Mahlangu

Ophunzira, pounika ntchito ya luso muzifunsa kuti ikuteteza chiyani. Tiyeni tione zojambula za Mayi Esther Mahlangu, Mndebele wa ku South Africa, omwe adabadwa mu 1935.

Mu 1883 Mabunu adagonjetsa Andebele a Ndzundza, nawamwaza kuti akagwire ntchito m'mafamu. Kumeneko amayi adalimbikira kujambula makoma a nyumba zawo kuti wodutsa aliyense adziwe kuti pakhomopo pali Mndebele. Khoma lidasunga mtundu womwe udalandidwa malo.

Mayi Mahlangu adaphunzira lusoli kwa mayi awo ndi agogo awo ali ndi zaka 10. Amajambula ndi nthenga za nkhuku popanda rula, koma mizere yakuda yotchinga mitundu yowala imaongoka ndithu.

Mu 1991 adakhala mayi woyamba kujambula galimoto ya luso ya BMW. Wina angati kuchotsa lusoli pakhoma n'kulisandutsa malonda. Komabe zindikirani kuti kale amayi ojambulawa sankadziwika mayina kunja kwa midzi yawo, pomwe dzina la Mahlangu lidamveka kutali.

Pamayeso, sankhani mbali imodzi ndipo muikhalire kumbuyo ndi umboni.