Mbiriwiri ya Mfumu ya Zitsulo Zouluka

Lira, mbiriwiri! Lira, mpanje! Lira, mbalule, mpaka asodzi a padoko la Chanyanya asiye nkhafi, mpaka ng'ona za mu Kafue zitukule mitu! Akudza Aluminiyamu. Akudza Chisenza-makamu. Akudza Nkhwazi yosakupiza mapiko, Mpepuka wosathyoka, Mkango wogona pamitambo.

Inu mwana wa dothi lofiira. Inu mwabisala pa Lichenya, pamsana pa phiri la Mulanje, mutafunda nkhungu. Inu wosadzutsidwa ndi makala, wosadzutsidwa ndi mvukuto, wodzutsidwa ndi mphezi yokha. Inu munatuluka ku Mozal, pafupi ndi Maputo, mu 2000, mutamwa magetsi odyetsa mizinda yathunthu, ludzu osatha.

Munali wofewa, Chalo, tisabise. Panokha mukanathera pamafuwa, poto wophikira nsomba, wotifuka akagwa kamodzi. Ndiye kudza Mkuwa! Mkuwa mlamu wanu. Mkuwa wofiira, fuko la ku Nkana ndi ku Nchanga. Mkuwa amene Kafue amamulonjera kumtunda asanadzatambalale m'madambo athu ano. Magawo 4 okha pa 100 aliwonse, basi, magazi a ufumu alowa m'thupi.

Moto! Moto wa madigiri 495! Mwalowa m'ng'anjo chilili, mwatuluka chilili. Mkuwa wamwazikira m'mitsempha yanu inu osasungunuka. Moto wa m'mphepete mwa phompho: ukapyola madigiri owerengeka, mfumu yapserera, palibe sing'anga woibweza. Moto woopa mmisiri wosinza.

Madzi! Madzi ozizira, msanga, mpweya usanakukhudzeni! Phava! Nthunzi tolo! Mosi-oa-Tunya wabadwa m'chipala.

Kenaka zii. Namwali walowa m'tsimba. Tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu, lachinayi. Palibe nyundo, palibe lawi, palibe wokusisitani. Koma m'katimo timbewu ta mkuwa tikuitanana, tikusonkhana, tikumanga malinga panjira zonse zomwe chitsulo chimatererekera. Inu wokhwima muli gone! Inu wolimba osamenyedwa! Alfred Wilm wa ku Germany, mu 1906, anakuvuulani m'madzi n'kukusiyani masiku angapo. Pobwerera anapeza mwana wa nkhosa wamera mano a nyalugwe. Munatchedwa Duralumin. Hugo Junkers anakuvekani mapiko mu 1917, ndipo mitengo ndi nsalu zinayamba kutsika pampando.

Nthungululu kwa ana anu! Kwa 2024, chisamba, khungu la kunsi kwa phiko, wosatopa ndi kukokedwa. Kwa 7075, mwana wa Zinki, njovu yam'banjamo, wogonekedwa maola 24 pa madigiri 120 kufikira atavala chizindikiro cha T6. Kwa misomali ya mapiko, ana opupuluma, amene amisiri amawatsekera mufiriji poopa kuti akhwima asanakhomedwe. Ha, ufumu wanji uwu, woti ngakhale tiana take n'tosungidwa pachisanu kuti ukali uchedwe!

Patukani, akudza akuluakulu anzake a mfumu! Akudza Titaniyamu, Thanthwe losadya dzimbiri, wosasungunuka mpaka madigiri 1,668, amene mbewu yake yagona pansi pa minda ya Kasiya ku Lilongwe. Akudza Chitsulo cha miyendo ya ndege, Msanamira ya thambo, wolandira phiri lonse likamatera pabwalo la Kenneth Kaunda. Akudza Nikelo, Mkhala-m'ng'anjo. Akudza Kobati, mlongo wa Mkuwa, wa ku Chambishi. Awiriwa amavina pakati pa injini, pomwe mpweya umatentha kuposa madigiri 1,000, pomwe inu, Chalo, mukanayenderera ngati mtsinje pa 660. Amavina osapsa. Amavina osagwada. Amavina, injini n'kubangula, nthaka ya Lusaka n'kunjenjemera, phiri la zitsulo n'kudzuka, n'kuthamanga, n'kusiya fumbi, n'kung'amba mitambo pakati!