Munthu wowerenga makoma

Ku England, kuyambira mu 2007, nyumba yogulitsa imafunika chikalata chotchedwa EPC, ndipo pano yochititsa lendi imafunikanso. Chikalatachi chimapereka mlingo kuyambira A wobiriwira mpaka G wofiira, kusonyeza mmene nyumbayo imadyera gasi ndi magetsi kuti ifunde, ndipo chimagwira ntchito zaka 10. Amene amandigometsa ndi munthu woyeza nyumbayo, chifukwa amadziwa zam'kati mwa khoma osagumula njerwa ngakhale imodzi.

Akafika sathamangira kugogoda. Amaima panja kaye n'kuyang'anitsitsa mmene njerwa anazisanjira. Ngati zonse zikuonetsa mbali yaitali yokha, ndiye kuti makoma ndi awiri ndipo pakati pali mpata. Koma ngati mitu ya njerwa ikusuzumira apa ndi apo, khomalo ndi logwirana lonse, ngati nyumba zambiri zomangidwa chaka cha 1920 chisanafike, ndipo kutentha kumathawira momwemo. Maso okha sawakhulupirira: amatsegula zenera, n'kuika tepi pamphuthu kuti ayeze kuchindikala kwa khomalo.

Kenako amasendera pafupi kwambiri, chala chikuyenda pamizere ya simenti. Akufuna timabowo tozungulira ngati kandalama kachitsulo, totsekedwa ndi simenti yosiyana mtundu pang'ono, totalikirana mofanana. Timeneto ndi umboni woti anthu ena anabowolapo n'kupopera zotchinga kuzizira mumpata uja. Wodutsa m'njira sangatione. Iye amatijambula, poti zimene walemba ziyenera kukhala ndi umboni.

Akalowa, amakweza makwerero n'kulowetsa mutu m'siling'i, tochi ili m'manja. Amazika tepi muubweya wagalasi umene anayala m'menemo mpaka igunde pansi. Mlingo wolimbikitsidwa masiku ano ndi mamilimita 270. Pazenera la magalasi awiri amapendeketsa mutu kuti awerenge chaka chodindidwa pakachitsulo kolekanitsa magalasiwo, pakuti mazenera atsopano amasunga kutentha kuposa akale. Boyila, makina otenthetsa madzi ozungulira m'mapaipi a nyumba yonse, amailemba dzina ndi nambala. Mababu amawawerenga chipinda ndi chipinda.

Zonsezi amazilowetsa m'pulogalamu yotchedwa RdSAP, imene imatulutsa malikisi. Nyumba ya 92 kupita m'mwamba ndi A, ya 55 mpaka 68 ndi D, ndipo ya 20 kutsika ndi G. Kuyambira mu Epulo 2020, landilodi saloledwa kuchititsa lendi nyumba yosafika pa E pokhapokha ali ndi chilolezo chapadera, choncho timabowo tija tingathe kusintha zambiri.

Mabilu a eni nyumba woyezayo safunsa n'komwe, ndipo ndikuona kuti mpamene pagona nzeru. Pulogalamuyo imayerekeza kuti m'nyumba iliyonse anthu amatenthetsa zipinda maola ofanana, kuti agogo opirira chisanu ndi banja losamba kawiri patsiku asasokoneze mlingo. Wofuna nyumba mumzinda wa Leeds angathe kuika zikalata ziwiri pathebulo, akudziwa kuti akuyerekeza makoma, madenga ndi maboyila okhaokha.