Chimkoko M'njira za kwa Chinsapo

Ng'oma zinayamba kulira dzuwa litangolowa, ndipo pofika pakati pa usiku panalibe amene anali m'tulo mbali yathu ya kwa Chinsapo. Unali mwezi wa Seputembala, fumbi lili koboo, chimanga chitalowa kale m'matumba. Banja lina linkachita bona la agogo awo amene anatisiya chaka cham'mbuyo, ndipo mfumu yamzinda inali italoleza gule. Ine ndinaima pafupi ndi azakhali anga, kumbuyo kwa amayi oimba, titatsamira mpanda wa zidina.

Choyamba kumveka chinali silambe, chapatali, kunjira yochokera kumanda. Amayi anakweza nyimbo, ana anathawira m'makonde. Kenako mumdima munatuluka chinthu choyera, chachitali kuposa minibasi, chikuyenda mwakachetechete ngati nkhungu ya m'dambo. Chinali chimkoko.

Amene amadziwa njira za kwa Chinsapo, kwa Mgona kapena kwa Biwi akudziwa kuti sizinalambulidwe poganizira chilombo chotere. Uku mpanda, uku ngalande, apo mulu wa mchenga wa munthu amene akumanga, pamwamba nthambo zamagetsi zolendewera. Pamene tinaimapo njira inakhota mwadzidzidzi pafupi ndi kiyosiki yotungira madzi, ndipo ndinaganiza kuti chilombocho chiima kapena chikhula khoma. Mwamuna wogwira silambe anabwerera chambuyo masitepe atatu, n'kutsitsa dzanja, kaliridwe ka silambe n'kusintha. Mutu wa chilombo unakhota. Thupi silinathamangire kutsatira. Linadikira kaye, kenako linayamba kupindika chigawo ndi chigawo, monga amachitira madzi a Lingadzi akakumana ndi mwala, mpaka mchira unadutsa osakhudza ngakhale chidebe chimene wina anaiwala pampopi. Pansi pa mphonje pankamveka mapazi ambiri, koma kuponda kwake kunali kumodzi.

Za kudambwe sizikambidwa pagulu, ndipo ine sindiziulula. Ndikunena zokhazo zimene diso la aliyense limaona pabwalo, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti munthu agwire pakamwa.

Khungu la chimkoko ndi makoko a chimanga, omwe aja timataya kudzala kapena kuyatsira mbaula. Koma apa khoko lililonse lang'ambidwa mofanana ndi linzake, lapindidwa pakati, lamangidwa paluzi. Mizere yake yasanjikizana ngati nthenga za nkhuku, wapamwamba kuphimba mfundo za wapansi, kotero kuti ngakhale mwezi uwale chotani simungaone mpata. Chilombo chikanjenjemera, makoko masauzande aja amalira pamodzi, wayawaya, ngati mphepo m'munda wouma wa mwezi wa Meyi. Mkati muli mafupa a nsungwi ndi timitengo tofewa. Woluka amayenera kudziwa polimbitsa ndi polekerera: akamanga kwambiri, thupi silipindika pokhota, akalekerera, msana umagwa gule ali pakati, zomwe ndi manyazi kwa mzinda wonse. Kulemera nakonso amakuyeza, pakuti chilombo chiyenera kuyenda mtunda, kuvina, kuzungulira ndi kubwerera kusanache. Ndiye pali mphonje zapansi, zimene kwa ine ndi pamene pagona luso lonse. Zikafupika pang'ono chabe, chinsinsi chili poyera. Zikatalika, chilombo chidziponda chokha. Za usiku umenewo zinkangopsopsona dothi, n'kumasiya kanjira kosesedwa m'fumbi.

Kumudzi makoko savuta. M'tauni, kumene munthu amagula ufa wa phukusi pamsika, amachita kusakidwa m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, m'timinda ta kuseri kwa nyumba, kapena kwa abale a ku Mitundu ndi ku Nsaru. N'chifukwa chake masiku ano mumaona zilombo zina zokutidwa ndi masaka a feteleza ong'ambidwa timizere. Sindinyoza, chifukwa gule sanakanepo chinthu chatsopano. Analandira galimoto, analandira Simoni wofiira nkhope ndi Maliya. Koma saka sililira ngati khoko, ndipo pamwezi limanyezimira mwa chipulasitiki. Amene anavutika kusonkhanitsa makoko enieni pakati pa mzinda wa Lilongwe anachita chinthu chofunika kuchiyamikira.

Chitafika pabwalo, maso anga anapita kwa oimba ng'oma. Mpanje ndi gunda zimagwira nthawi, osasuntha, ngati mizati ya nyumba. Mbalule ndiyo imayankhula. Woimba wake anali bambo wochepa thupi, malaya atamanga m'chiuno, ng'oma ataipana ndi miyendo, maso ali pansi pa mphonje. Anthu ambiri amaganiza kuti chilombo chimatsatira ng'oma, koma pa mbalule zimatembenuka: woimba ndiye amawerenga mapazi, n'kuwayankha nthawi yomweyo, mwina n'kuwatsogolera pang'ono ngati akuwakumbutsa chobwera. Chimkoko chikagwada kutsogolo, mbalule imatsika mawu. Chikadzuka n'kuzungulira, fumbi n'kukwera, imang'ambika ngati mphezi. Kawiri konse bamboyo anasiya mnzake akugwirizira, n'kuthamangira pamoto wa udzu kukawamba chikopa chimene chinali chitayamba kufooka ndi chisanu cha usiku. Ankachigogoda ndi chala, kutchera khutu, kubwezeranso pamoto, mpaka mawu atafika pamene iye ankafuna. Amayi nawo m'manja simunaphonye ngakhale kamodzi, ndipo amene anakhutira ankapita kukasupa, kuponya kandalama patsogolo pa chilombo atawerama.

Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizirapo kanema pa WhatsApp wa chikondwerero cha chaka chatsopano cha anthu a ku China, mumsewu wa Derrick ku Cyrildene, kumene kuli masitolo awo ambiri. Chaka chawocho chimayamba pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, potsata mwezi. M'kanemamo munali chinjoka chansalu zofiira ndi zagolide, chonyamulidwa pamitengo ndi anyamata angapo, patsogolo pali wina wogwira mpira pandodo umene mutu wa chinjoka umaulondola kulikonse. Ndinaonera kangapo. Mwini mpira uja ndinamuzindikira msanga, ndi mnzake wa mwini silambe. Vuto limene akulimbana nalo ndi limodzi: matupi ambiri asanduke nyama imodzi, ndipo chimene mutu wachita chifike kumchira mochedwa pang'ono, osati nthawi imodzi, kuti thupi lioneke lamoyo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo onyamula amaonekera, avala yunifolomu, ndipo owonera amawayamikira poyera. Kwathu luso ndi kubisa. Chimene chabwera pabwalo ndi chilombo chochokera kwa makolo, ndipo amene anachiluka sadzatchulidwa dzina, sadzaomberedwa m'manja, mwina mawa mudzakwera naye kabaza osadziwa.

Dziko linazindikira kale kulemera kwa zimenezi. Bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo mu 2024 linalembanso chikondwerero cha chaka chatsopano cha ku China pamndandanda womwewo. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti magule a m'mayiko atatuwa amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, nyumba ya Chamare imasunga zigoba mazanamazana. Chigoba chosema chimatha kukhala zaka zambiri. Koma kasiyamaliro, mayi wa zilombo zonse, ndi chimkoko chimene ndinaona, zimalukidwira mwambo umodzi, ndipo mwambo ukatha zimatenthedwa kuti mzimu wa malemu upite kwawo. Ntchito ya masabata imathera usiku umodzi. Choncho luso limeneli silikhala m'chinthu chimene chalukidwa. Limakhala m'manja mwa anthu, ndipo chaka chimene manjawo sadzaphunzitsa ena, lidzatha osasiya ngakhale chidutswa.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona tizilombo tongovala nsanza tikutchinga msewu masana ku Area 25 kapena ku Kawale, kuthamangitsa ana asukulu ndi kulanda ndalama kwa amayi ogulitsa tomato. Mafumu amizinda akhala akudzudzula khalidwe limeneli, ndipo akulondola. Munthu wobwera amene wangoona zimenezo amapita akuganiza kuti gule ndi chipwirikiti, osadziwa kuti m'dera lomwelo muli anthu amene amatha kuyeza mphonje ndi diso mpaka kufanana ndi chala chimodzi. Lilongwe anakhala likulu mu 1975 n'kumeza midzi ya Achewa imene inalipo kale, pamodzi ndi manda ake ndi mabwalo ake. Gule sanabwere m'tauni. Tauni ndiyo inamupeza.

Tambala woyamba atalira, silambe inatembenuka. Chimkoko chinagwada komaliza pakhomo pa nyumba ya malemu, amayi apabanjapo akulira chapansipansi, kenako chinadzuka n'kulowera njira yomwe chinadzera, n'kukhotanso pakiyosiki paja mosakhudza kanthu. Kutayamba kuyera tinaona utsi ukukwera kuseri kwa mitengo ya kumanda.

Pobwerera kunyumba ndinaona khoko limodzi litagwa m'mbali mwa ngalande. Ndinawerama kuti ndilitole, koma azakhali anandigwira mkono.

"Iwe, zimenezo satola. Zisiye pomwepo."

Ndinangoliyang'ana lili pansi. Linali lopindidwa pakati ndendende, m'mbali mwake mosalala ngati modula ndi lumo, ndipo pakhosi pake panali kachidutswa ka luzi kokulungidwa kawiri, mfundo yake yaing'ono ngati njere ya mapira, isanamasuke.