Dima Lopanda Makasu: Zolemba za Chichewa pa Intaneti

Dandaulo la mlembi wa Chichewa lakhala limodzimodzi kuyambira kalekale: kusowa kosindikizitsa zolemba zake. Buku la Samuel Josiah Ntara lotchedwa Nthondo linatuluka m'chaka cha 1933 litayamba lapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures. Pambuyo pake alembi ankadalira makampani owerengeka monga Popular Publications ndi Dzuka, ndipo kuchokera mu 1968 panalinso lamulo lopatsa boma mphamvu zoletsa buku lililonse limene silinawakomere akuluakulu. Chipata chinali chopapatiza ndipo ambiri anakalamba zolemba zawo zili m'sutikesi.

Lero dandaulo limeneli lachepa mphamvu. Facebook inayamba mu 2004, YouTube mu 2005 ndipo WhatsApp mu 2009. Zida zimenezi zinapangidwa kuti munthu wamba azitha kuikapo zake, osati kumangowerenga za ena. Mnyamata wa ku Biwi kapena ku Kawale amene ali ndi foni ndi bandulo ya tsiku limodzi angathe kupeka ndakatulo m'mawa, n'kuijambula mawu masana, pofika madzulo ikumvedwa ndi Amalawi a ku Johannesburg. Funso limene tiyenera kudzifunsa, ife okonda zolemba za Chichewa, ndi lakuti: kodi ufulu umenewu wapindulira chiyani luso lathu?

Tiyambe ndi zokoma, pakuti zilipo. Foni yabwezera ndakatulo kwa mwini wake, yemwe ndi khutu. Ndakatulo ya Chichewa inabadwira pakamwa, ndipo n'zosadabwitsa kuti E.J. Chadza anatcha buku lake la mu 1963 kuti Ntchito za Pakamwa. Alakatuli monga Robert Chiwamba, amene anakhazikitsanso Sapitwa Poetry kuti alakatuli aziikapo ntchito zawo, anaonetsa kuti ndakatulo yolakatulidwa m'chiyankhulo cha pamsika ndi cha m'minibasi ingathe kufika kwa anthu amene sanagulepo buku chibadwire. Atsikana ndi amayi, amene mayina awo anali osowa m'mabuku akale a ndakatulo, nawonso apeza poyankhulira popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Zimenezi si zochepa.

Komabe tikazisanthula bwino zolembazi, tipeza zilema zitatu zimene zikubwerezedwabwerezedwa.

Chilema choyamba ndi liwiro. Pa intaneti amene wayamba ndiye amamveka, choncho mlakatuli amathamangira kulemba nkhani isanazizire. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, komanso ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, ndakatulo zinasefukira. Zambiri mwa izo zinali mndandanda wa madandaulo: shuga wakwera, mafuta asowa, ana alira. Zonsezo n'zoona, koma ndi zimene womvera akuzidziwa kale. Ndakatulo imayamba pamene nyuzipepala yalekezera. Imasankha chinthu chimodzi, mwina mbale imodzi yopezeka m'matope, n'kuchiyang'anitsitsa mpaka womvera aone tsoka lonse m'chinthucho. Ntchito yotere imafuna kugonera, ndipo kugonera n'kumene foni sikufuna. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Chilema chachiwiri ndi kalembedwe. Pa foni zilembo za m ndi n zoyambirira mawu zikutha ngati makatani: ntchito yasanduka tchito, nkhani yasanduka khani. Ena amati bola zamveka. Koma nkhungu si khungu, ndipo mphala si phala. Mlakatuli amene wafuna kunena za nkhungu ya pa phiri la Dedza n'kulemba khungu wapha chifanifani chake ndi dzanja lake lomwe. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa alipo, anakonzedwanso mu 1990, ndipo bungwe la Centre for Language Studies la ku Zomba, limene linalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Vuto si kusowa kwa malamulo ayi, koma kusowa kwa diso lachiwiri loona ntchitoyo isanatuluke.

Chilema chachitatu ndi kusowa kwa nkhokwe. Ndakatulo ikadutsa m'magulu atatu a WhatsApp, dzina la mwini wake limagwera panjira, mwinanso wina amaikapo lake. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 lilipo ndipo bungwe la COSOMA lilipo, koma n'kovuta kuteteza ntchito imene mwini wake sangathe kuonetsa tsiku limene anailemba. Foni ikabedwa m'depoti kapena ikagwera m'madzi, zolemba za zaka zisanu zimapita nayo. Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe, tikuliwerengabe lero chifukwa linasungidwa papepala. Nanga mdzukulu wathu adzapeza kuti ndakatulo zimene zinatiseketsa chaka chatha?

Zilema zitatuzi gwero lake ndi limodzi. Zida za pa intaneti zili ndi ntchito ziwiri: kugawana ndi kugwirira ntchito pamodzi. Ife tatola yoyambayo n'kusiya yachiwiriyo. Pansi pa ndakatulo yoikidwa pa Facebook mumapeza mayamiko okhaokha ndi tizithunzi ta moto. Wonena kuti ndime yachitatu yafooka amatengedwa ngati wansanje. Chonsecho gulu la alembi la Writers Group, limene linayamba ku Chancellor College mu 1970 ndipo munali anthu monga Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, linakula chifukwa cha kudzudzulana. Munthu ankawerenga ntchito yake pamaso pa anzake, iwo n'kuisenda popanda kunyengerera. Ngakhale m'magalaja a pa Biwi Triangle, mnyamata wophunzira umakaniko samanga injini yekha n'kuipereka kwa mwini galimoto. Bwana wake amayamba waimvetsera kulira kwake. M'maofesi a boma momwe ena a ife timagwira ntchito, kalata wamba imadutsa m'manja awiri kapena atatu isanasainidwe. N'chifukwa chiyani ndakatulo yokha ikutuluka osaonedwa ndi wina?

Umboni woonekeratu wa ulesi wathu pa ntchito ya pamodzi ndi Wikipedia. Nkhokwe ya nzeru imeneyi inayamba mu 2001, ndipo aliyense angathe kulembamo kapena kukonza zimene mnzake walemba. Chilichonse chimene chasinthidwa chimasungidwa pamodzi ndi tsiku lake, kotero kuti cholakwa chingathe kubwezedwa. Ndi dima lenileni: munda umodzi, makasu ambiri. Ya Chingerezi inapitirira nkhani 7 miliyoni mu 2025. Ya Chiswahili ili ndi nkhani zoposa 70,000, ndipo ya Chitumbuka, abale athu a kumpotowa, inadutsa 15,000. Ya Chichewa, chiyankhulo cha anthu mamiliyoni ambiri m'Malawi, Zambia ndi Mozambique, ikungopitirira pang'ono 1,000, ndipo zambiri mwa nkhanizo ndi za mizere yowerengeka. Mowa wa dima waphikidwa koma olima sanabwere.

Munda wosiyidwa umalimidwa ndi alendo. Mu 2020 zinaululika kuti nkhani zikwizikwi za m'Wikipedia ya chiyankhulo cha Scots zinalembedwa ndi mnyamata wa ku America amene sankachidziwa chiyankhulocho. Ankangopotoza mawu a Chingerezi. Kwathu kuno chiopsezo chotere chili pafupi, pakuti kuyambira mu 2014 Google Translate imamasulira Chichewa. Makinawa amathandiza, koma Chichewa chake nthawi zambiri chimakhala Chingerezi chovala chitenje. Tikapanda kulemba tokha, makina adzaphunzira Chichewa kuchokera ku zolemba za makina anzawo, ndipo ana athu adzayesa kuti ndicho chiyankhulo cha makolo awo.

Tsono tichitenji? Sindikunena kuti tibwerere ku nthawi ya chipata chopapatiza. Ndikunena kuti magulu a alembi amene alipo kale pa WhatsApp asandutsidwe mabwalo osulirana: ndakatulo iziyamba yagona sabata imodzi m'manja mwa anthu atatu isanapite kugulu. Wodzudzula azinena mzere umene wafooka ndi chifukwa chake, ndipo wodzudzulidwa aziyamika. Bungwe la alembi la MAWU, limene lakhalapo kuyambira mu 1995, lingathe kumasankha chaka ndi chaka ndakatulo zabwino za pa intaneti n'kuzisindikiza m'buku, mayina a eni ake ali pomwepo. Ndipo aliyense wa ife amene ali ndi Njala Bwana ya Willie Zingani, Mtima Sukhuta ya Jolly Max Ntaba kapena Kuimba kwa Mlakatuli ya Benedicto Wokomaatani Malunga pa shelefu yake angathe kupatula madzulo amodzi n'kulemba ndime zitatu zolongosoka za bukulo pa Wikipedia, wina n'kudzawonjezera. Wikipedia imafuna kuti mfundo iliyonse ikhale ndi buku kapena nyuzipepala yoichitira umboni, ndipo anthu osunga mabuku oterewa ndife.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Alembi akale anali ndi akonzi koma analibe njira. Ife njira tili nayo koma akonzi tawataya. Mkonzi wa lero sachokeranso ku Limbe kapena ku Blantyre. Ndi mnzathu yemwe uja watitumizira ndakatulo usiku wathawu, ndipo ifenso ndife akonzi ake ngati tingalimbe mtima n'kumuuza zoona.