Shakespeare wa Plaatje ndi Shakespeare wa mayeso

Mu Epulo 2001 manyuzipepala a ku Johannesburg adadzaza ndi nkhani ya gulu la aphunzitsi limene boma la chigawo cha Gauteng lidalituma kuunika mabuku a m'sukulu. Gululo lidati masewero ena a Shakespeare, monga Hamlet ndi Julius Caesar, asaphunzitsidwenso, ndipo buku la Nadine Gordimer lotchedwa July's People nalo lidagwera m'dzenje lomwelo. Anthu adakuwa, nduna ya zamaphunziro Kader Asmal idakana, nkhani nkuzilala. Mpaka lero mwana wa Giredi 12 angathe kukumana ndi Hamlet, Othello kapena Macbeth pa mayeso a matric, kutengera Chingerezi chimene akulemba ndi buku limene sukulu yake yasankha.

Mkangano wotere ukabuka, amene amathamangira kukateteza mkuluyu ndi mabungwe a anthu ophunzira. Lalikulu ndi Shakespeare Society of Southern Africa, limene Guy Butler adaliyambitsa mu 1985 ku Grahamstown, mzinda umene tsopano ndi Makhanda. Magazini yake idayamba kutuluka mu 1987, chaka chomwe John Kani adasewera Othello ku Market Theatre motsogozedwa ndi Janet Suzman, munthu wakuda nkupsompsona mzungu pamaso pa anthu tsankho lidakali lamulo. Mu 2021 yunivesite ya Wits idatsegula Tsikinya-Chaka Centre pansi pa Chris Thurman, kuti izifufuza Shakespeare wa m'zilankhulo za kuno. Dzinali ndi la Chitswana: ndi mmene Sol Plaatje adamutchulira Shakespeare mu 1916, kutanthauza wogwedeza lupanga.

Kusankha dzina limeneli kudali kwanzeru, koma ndi pomwenso ine ndili ndi mlandu. Plaatje amatchulidwa kawirikawiri ngati mboni yoti Shakespeare ndi wathu tonse, pamodzi ndi buku lija limene akaidi a ku Robben Island adasainamo mayina awo. Umboni wotere umagwira ntchito yoteteza Shakespeare. Koma Plaatje sankadera nkhawa Shakespeare, amene sadasowepo omusamala. Nkhawa yake idali Chitswana. Ankaona miyambi ikutha, ana alibe mabuku owerenga m'chilankhulo chawo kupatula a tchalitchi, kalembedwe kakukhazikitsidwa ndi anthu amene sadayamwe chilankhulocho. Adatenga The Comedy of Errors nkuisandutsa Diphosho-phosho, yosindikizidwa ku Morija mu 1930, akufuna kuti ikalowe m'kalasi ndi kuonetsa kuti Chitswana chingasenze katundu aliyense. Kwathu timati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Plaatje adabwereka kalumoko kuti amete mutu wake womwe.

Adamwalira ku Pimville, kuno ku Johannesburg, mu Juni 1932. Julius Caesar wake adatuluka mu 1937 kuchokera ku Wits komweko, G. P. Lestrade atamukonza ndi kusintha kalembedwe kamene mwini wake adakamenyera nkhondo ali moyo. Masewero ena amene adamasulira adatayika. Choncho yunivesite imene lero yanyamula dzina la Tsikinya-Chaka ili ndi ngongole yakale, ndipo ngongoleyo ndi ya Chitswana.

Tsono taonani m'kalasi. Shakespeare amakhala pa pepala la Chingerezi basi. Mwana wa ku Soweto kapena ku Alexandra amene kunyumba amalankhula Chizulu, kapena mwana wa Mmalawi wogwira ntchito m'munda wa bwana ku Randburg, amapatsidwa Macbeth m'Chingerezi cha zaka 400 zapitazo, chimene ngakhale ana a ku London amachiwerenga ndi mawu ofotokozera m'munsi. Chotsatira chake timachidziwa ife tonse amene tidalemba MSCE: kuloweza chidule cha nkhani, kuloweza makhalidwe a ampangankhani, kukhoza mayeso seweroli osalimva kukoma kwake. Chonsecho nkhani ya Macbeth si yachilendo kwa mwana ameneyu. Munthu wopha mfumu kuti alowe ufumu, mkazi womusonkhezera, olosera omunamiza, mzimu wa mnzake womulondola pa phwando. Agogo ake angamufotokozere zimenezi bwino kuposa kabuku ka manotsi. Welcome Msomi adaziona kale mu 1970 pamene adalemba uMabatha m'Chizulu, sewero limene lidakafika ku London mu 1972.

Sindikunena kuti mabungwewa agona. Shakespeare Schools Festival imalola ana asukulu kusewera masewero ofupikitsidwa pa nsanja zenizeni, ndipo magulu ena amasakaniza zilankhulo mmene amalankhulira pa msewu. Zimenezo nzabwino. Koma chikondwerero ndi cha madzulo amodzi, mayeso ndi amene amalamula zimene mphunzitsi achite kuyambira Januwale mpaka Okutobala. Ofufuza akhoza kusonkhanitsa zomasulira zonse, kuziika pa intaneti, kuchititsa misonkhano, koma ngati palibe amene akupita ku unduna kukanena kuti Diphosho-phosho ndi buku la Chitswana loyenera kulembedwa pa mayeso a Chitswana, Plaatje akhalabe chithunzi chopachika pakhoma.

Wina anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo: bwanji malo ochepa a mabuku a zilankhulo zathu tiwapatsenso Mngelezi, pamene alembi athu akusowa owerenga? Funso limeneli sindilipeputsa. Koma Diphosho-phosho ndi ntchito ya Plaatje monga mmene Juliasi Kaizari ndi Mabepari wa Venisi zilili ntchito za Julius Nyerere m'Chiswahili. Mawu, nthabwala ndi miyambi ya m'menemo ndi za womasulira. Mwana woziwerenga akuphunzira chilankhulo chake chili pa ntchito yolemetsa, ndipo akadzatsegula Chingerezicho adzakhala ndi poimira, nkutha kunena kuti apa Plaatje adaposa, apa adalephera.

Ifenso a Chichewa nkhaniyi ikutikhudza. Stanley Onjezani Kenani adamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa, ndipo seweroli lidaonetsedwa ku Malawi. Ana athu a Fomu 4 akhala akulimbana ndi Shakespeare wa Chingerezi kwa zaka zambiri, pamene wa Chichewayo alipo kale, wolembedwa ndi mlakatuli wathu, kungodikira woti amulowetse m'kalasi.