Lipenga la Galamafoni pa Okushoni

Ambiri a ife tikamva mawu akuti okushoni timakumbuka mabelo a fodya atandandalikidwa ku Limbe kapena ku Kanengo, ogula akuyenda pamzere. Koma ku London, ku New York ndi m'mizinda ina kulinso okushoni ya zinthu zamakedzana, ndipo pakati pa mawotchi ndi mipando pamaikidwanso magalamafoni. Masiku ano wogula sachita kupitako. Amapikisana ndi anzake pa intaneti ali khale kunyumba, atangoona chithunzi. Chimene chikutidandaulitsa pa malondaŵa n'chakuti chipangizo chimene anachipangira makutu tsopano chikugulidwa ndi maso.

Thomas Edison anapanga makina ake ojambula mawu mu 1877, ndipo mawuwo ankalembeka pa kamgolo kozungulira. Mu 1887 Emile Berliner anatulukira njira yowalemba pa mbale yafulati, imene inali yosavuta kuidinda yambirimbiri, ndipo iyi ndiyo galamafoni imene tikuidziŵa. Mu 1899 kampani ya Gramophone ya ku London inagula chithunzi chimene anajambula Francis Barraud, cha galu wotchedwa Nipper atatchera khutu ku lipenga. Poyamba galuyo ankamvetsera makina a kamgolo aja; a kampani anauza mmisiriyo kuti afute ndi kujambulapo makina awo. Chithunzi chimenechi, chodziŵika ndi dzina lakuti His Master's Voice, ndicho chinakhomereza m'mitu ya anthu kuti galamafoni yeniyeni ndi ya lipenga lalikulu looneka kunja.

Komatu lipenga lakunja silinakhalitse. Mu 1906 kampani ya Victor ku America inatulutsa Victrola, imene lipenga lake linabisika m'kati mwa kabati, ndipo pofika m'ma 1920 magalamafoni ochuluka anali a kabati kapena a kasutikesi konyamula pamanja. Motero a lipenga lakunja enieni ndi ochepa, pamene owafuna ndi ochuluka. Amisiri ena, makamaka ku India, anaona mpata umenewu. Amachotsa makina m'galamafoni yakale ya kasutikesi, n'kuwaika m'bokosi latsopano, n'kulumikizapo lipenga la mkuwa loŵala psetepsete, kenaka n'kumatapo chithunzi cha galu uja. Odziŵa amazizindikira msanga: chopukusira chimaloŵa m'bokosi mopendekeka, pakuti makinawo anapangidwira bokosi lina, ndipo khosi la lipenga limathyoka ngati chigongono m'malo mopindika pang'onopang'ono. Mawu ake ndi osasa, ndipo mutu wake wogwira singano umakumba mbale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife sitikuloza chala mmisiri yekhayo. Iye wangopanga chimene wogula akufuna, ndicho chokongoletsera pabalaza chakuti alendo azichita nacho chidwi. Munthu wofuna kumva nyimbo akadafunsa mafunso ena. Kodi sipuling'i ikukoka mofanana mpaka mbale ithe, kapena mafuta ake anauma? Kodi mbale ikuzungulira maulendo 78 pa mphindi? Nanga mphira wa m'mutu wogwira singano uja akadali wofeŵa? Mabuku a okushoni amafotokoza mtundu wa thabwa, chaka ndi kusoŵa kwa chinthucho, koma kaŵirikaŵiri za kamvekedwe amangodutsa ndi mawu aŵiri atatu.

Tisanamizire onse. Alipo osonkhanitsa amene amagula galamafoni yakufa n'kuidzutsa moleza mtima, ndipo pakadapanda iwo zambiri zikadathera pamoto. Ameneŵa ndiwo amalimbirana magalamafoni a EMG, amene amisiri a ku London anayamba kupanga pamanja m'ma 1920, okhala ndi malipenga aakulu a mapepala omatamata. Kukongola alibe, koma woimba amamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Apa pokha mtengo watsata khutu.

Nkhaniyi siili kutali ndi ife monga momwe ingaonekere. Abambo ambiri pobwera ku Joni ndi ku Halale ankafika ndi njinga, bulangete ndi galamafoni ya kasutikesi, yonga HMV 102 imene inayamba kupangidwa mu 1931. Pa okushoni mtundu umenewu sukwera mtengo kwenikweni, chifukwa unapangidwa wambiri. Koma funsani agogo momwe mudzi unkasonkhanira madzulo, mwini wake akupukusa monyadira, ana akusuzumira kuti aone tianthu timene tikuimba m'katimo. Buku la okushoni lilibe mzere wolembapo zimenezo, ndipo banja lokhala ndi galamafoni yotere likamva kuti kunja ndi yotsika mtengo lingayambe kuinyoza.

Chopweteka koposa ndi nkhani ya mbale. Pa okushoni zimagulitsidwa nthaŵi zambiri mulu wonse pamodzi, ngati zongoperekeza makina, chikhalirecho mawu a anthu ali m'mbalemo. Makina akafa mmisiri amawakonza. Mbale ikasweka ndipo inalibe inzake, woimbayo watsikira kulichete kachiŵiri. Kampani ya Gallo, imene Eric Gallo anayambitsa ku Johannesburg mu 1926, inadinda nyimbo zambiri za anthu akuda. Hugh Tracey anayendayenda m'dziko la Nyasaland m'ma 1950 akujambula oimba bangwe, kalimba ndi ng'oma, ndipo zimene anasonkhanitsa zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo inasamukira ku Rhodes University mu 1978. Zimenezo zinapeza mwini. Koma mbale zimene zinagulidwa m'sitolo n'kufika m'midzi zinalibe wozilemba m'kaundula.

Amene mukadali nazo m'bokosi la malemu, dziŵani kuti mbale zimenezi zinapangidwa ndi utomoni wa tizilombo ta ku India ndi maiko oyandikana nawo, ndipo sizichedwa kusweka. Ziimikeni chilili pamalo ouma osafika dzuŵa. Musazipukute ndi sipiliti, pakuti amasungunula utomoniwo. Singano yachitsulo ndi ya mbali imodzi yokha ya mbale, mphindi ngati zitatu, ikatero itayeni. Yobuntha imadya timizere momwe muli nyimbo.